Mbiri ya zipangizo zoyezera mphamvu pa zinthu zokhota

Luso loyeza mphamvu yopanikiza kapena yokoka pogwiritsa ntchito magetsi linayambira pa waya. Mu 1856 William Thomson, amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina loti Lord Kelvin, anaona kuti waya wachitsulo kapena wamkuwa akakokedwa n'kutamuka, magetsi amadutsamo movutikirapo. Panapita zaka zoposa 80 kuti nzeruyi isanduke chipangizo chomata pa chinthu. Mu 1938 anthu awiri ku America anachipanga, aliyense payekha: Edward Simmons wa ku Caltech ndi Arthur Ruge wa ku MIT. Ruge ankafufuza mmene chivomezi chimagwedezera mathanki a madzi okhala pansanja, ndipo kathanki kake koyesererako kanali kopyapyala moti zida zanthawiyo sizikanathandiza. Anangotenga waya wowonda ngati tsitsi, n'kumumata pa pepala lopichirira fodya, pepalalo n'kulimata pa kathanki. Chipangizochi, chotchedwa strain gauge, chinagulitsidwa ndi dzina loti SR-4, zilembozo zikuimira mayina a awiriwo, ndipo chinagwira ntchito yaikulu poyesa ndege pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Mu 1952 kampani ya Saunders-Roe ku Britain inachotsa waya uja n'kuikapo kachitsulo kopyapyala kwambiri kojambulidwa mizere.

Zonsezi zinali za chitsulo, chimene chimakhala pomwe chaikidwa. Thupi la munthu ndi nkhani ina: ndi lofewa, lokhotakhota, limatuluka thukuta, ndipo choyezera chikakhuthala chimasokoneza chomwe chikuyezedwacho. Madokotala a mapazi ndiwo anayamba kulimbana ndi vutoli, osati ndi magetsi koma ndi inki. Mu 1947 madokotala awiri, Harris ndi Beath, anafalitsa zimene anapeza poyeza mapazi a asilikali a ku Canada. Ankagwiritsa ntchito mphasa ya labala yokhala ndi timizere totumphuka mosiyanasiyana. Ankaipaka inki, n'kuyalapo pepala, munthu n'kupondapo. Pomwe phazi latsindika kwambiri pankada bii.

Amene anasonyeza kufunika kwa kuyeza koteroko ndi Paul Brand, dokotala wa opaleshoni amene anagwira ntchito pakati pa odwala khate ku Vellore, m'dziko la India, kenako ku Carville m'chigawo cha Louisiana. Anthu ankakhulupirira kuti khate limadya mnofu. Brand anaonetsa kuti zilonda zambiri zimabwera chifukwa phazi lofa mitsempha silimva kuwawa, choncho mwiniwake amangopondera pamodzimodzi tsiku ndi tsiku mpaka mnofu kuphwanyika. Popeza wodwala sakanatha kunena pamene nsapato ikumupana, panafunika china chomunenera. Gulu la Brand linapanga masokosi okhala ndi timibulu ta utoto timene tinkaphulika tikapanikizika. Wodwala akayenda n'kuvula nsapato, sokosi inkakhala itathimbirira pa malo oopsawo, ndipo wosoka nsapato ankadziwa pofunika kufewetsa. Njirayi sinali yapamwamba, koma inkayeza m'kati mwa nsapato momwemo, zimene mphasa ya inki sinkatha. Phunziro lomwelo ndi limene likuthandiza masiku ano pa mapazi a odwala matenda a shuga.

Zoyezera zamagetsi zinafala m'nsapato pamene mapulasitiki atsopano anapezeka. Mu 1969 Heiji Kawai wa ku Japan anapeza kuti pulasitiki yotchedwa PVDF imatulutsa magetsi ikapanikizidwa. Kampani ya Tekscan, imene inayamba ku Boston mu 1987, inapanga timapepala tapulasitiki tosindikizidwa ndi inki yodutsa magetsi, toyezera kalumidwe ka mano, kenako kapondedwe ka phazi. Mu 2004 gulu la Takao Someya ku yunivesite ya Tokyo linaonetsa khungu lamagetsi lotha kukulungidwa pa chinthu chozungulira.

Komabe pafupifupi zonsezi zinkayeza mphamvu yotsindika molunjika basi. Mphamvu yokhula cham'mbali, monga pamene chidendene chikutsetsereka m'nsapato, wodwala akutsetsereka pabedi, kapena mwendo wochita kupanga ukukhula pamalo odulidwa, inatsalira m'mbuyo kwa zaka zambiri, chonsecho nayonso imang'amba mnofu pansi pa khungu. Chovuta n'chakuti mphamvu ziwirizi zimafika pamodzi, ndipo choyezera chiyenera kuzilekanitsa. Njira imodzi yofala ndiyo kuika kanthu kotumphuka pamwamba pa tizoyezera tinayi: kakatsindikidwa molunjika, tonse tinayi timamva mofanana, koma kakakankhidwira kumbali, tiwiri timamva kwambiri kuposa tinzake. Mu 2018 gulu la Zhenan Bao ku Stanford linapanga khungu lokhala ndi timapiri ting'onoting'ono, potengera mmene khungu la chala linapangikira m'kati, ndipo dzanja la loboti lovekedwa khunguli linakhudza chipatso chofewa osachiphwanya.

Zovuta zimene akatswiri akulimbana nazo lero n'zakalekale ndithu. Choyezera chikapindidwa kuti chigone pamalo okhota chimayamba kuwerenga mphamvu chisanakhudzidwe n'komwe, labala amachedwa kubwerera m'malo akapanikizidwa, ndipo kutentha kwa thupi ndi thukuta zimasintha manambala. N'chifukwa chake zoyezera mphamvu yotsindika zili kale m'zipatala ndi m'mafakitale, pamene zambiri zoyezera mphamvu yam'mbali zidakali m'manja mwa ofufuza.