Daily 5

Daily 5 ndi njira yoyendetsera phunziro la kuwerenga ndi kulemba m'makalasi a pulayimale. M'njirayi ana amagwira ntchito paokha, pamene mphunzitsi akuthandiza kagulu ka ana ochepa kapena mwana mmodzi. Dzinali ndi la Chingerezi ndipo limanena za ntchito zisanu za tsiku ndi tsiku.

Mbiri

Njirayi anaikonza ndi Gail Boushey ndi Joan Moser, aphunzitsi apachibale a m'dera la Washington ku United States. Buku lawo lotchedwa The Daily 5 linasindikizidwa ndi kampani ya Stenhouse mu 2006, ndipo linatulukanso litakonzedwa mu 2014. Bukuli lisanatuluke, aphunzitsi ambiri a ku America ankaika kale timalo tophunzirira m'ngodya za kalasi, koma nthawi yambiri inkawathera pokonza zochita zatsopano mlungu uliwonse ndi kuletsa phokoso. Mu Daily 5 ntchito zimakhala zomwezo chaka chonse. Chimene chimasintha ndi mabuku komanso mawu amene ana akuphunzira.

Ntchito zisanu

1. Kudziwerengera: mwana amawerenga yekha buku lolingana ndi msinkhu wake kuchokera m'kabokosi kake.
2. Kulemba: mwana amalemba nkhani, kalata kapena zina zimene wasankha.
3. Kuwerengerana: ana awiri amakhala moyandikana, kusinthana powerenga ndi kufunsana zimene amva.
4. Kumvetsera: mwana amamva nkhani yojambulidwa pa kompyuta kapena chipangizo china uku akutsatira mawu m'buku.
5. Kuphunzira mawu: mwana amapanga mawu ndi makadi a zilembo kapena kuwalemba pa kabolodi.

Ana amene sanayambe kuzindikira zilembo sasiyidwa. Amaphunzitsidwa kuti buku limawerengedwa m'njira zitatu: kuyang'ana zithunzi, kuwerenga mawu, ndi kufotokozanso nkhani imene anaimva kale.

Kuzolowetsa ana

Gawo lalikulu la njirayi ndi masabata oyambirira a chaka, pamene ana amazolowetsedwa kukhala pa ntchito popanda kuyang'aniridwa. Mphunzitsi amayamba ndi ntchito imodzi yokha, ya kudziwerengera. Iye ndi ana amalemba tchati cha mbali ziwiri, china chosonyeza zimene ana azichita, china zimene mphunzitsi azichita. Mwana mmodzi amasonyeza anzake kachitidwe koyenera. Kenako wina amasonyeza kolakwika, n'kubwereza moyenera.

Tsiku loyamba ana amayesa kwa mphindi zochepa, monga zitatu. Mwana mmodzi akangosiya kuwerenga, mphunzitsi amapereka chizindikiro ndipo onse amabwerera pamodzi kukakambirana mmene zayendera. Cholinga chake n'chakuti asazolowere kusewera pa nthawi ya ntchito. Mphindi zimawonjezeredwa pang'onopang'ono, ndipo ntchito yachiwiri imayambitsidwa yoyamba ikakhazikika.

Kayendetsedwe ka tsiku

Mphunzitsi amaphunzitsa kalasi lonse kwa mphindi pafupifupi khumi, kenako mwana aliyense amasankha ntchito ndi malo okhala. Nthawi imeneyi ndi imene mphunzitsi amakhala ndi kagulu kake. Ikatha, onse amakumananso pa phunziro lina lalifupi n'kusankhanso. Sikofunika kuti ntchito zonse zisanu zichitike tsiku limodzi, ndipo makalasi ambiri amachita ziwiri kapena zitatu.

Zovuta

Daily 5 simanena zimene mphunzitsi aphunzitse, imangokonza kagwiritsidwe ntchito ka nthawi. Pachifukwa ichi, Boushey ndi Moser analemba buku lina mu 2009, The CAFE Book, lofotokoza maluso ophunzitsa pa nthawi ya magulu. Aphunzitsi ena amadandaula kuti mwana amene sanadziwe maliwu a zilembo sapindula kwenikweni akakhala yekha nthawi yaitali, chifukwa amafunika kuphunzitsidwa mwachindunji. Njirayi imafunanso mabuku ambiri a milingo yosiyanasiyana ndi malo okwanira, choncho imavuta m'kalasi la ana ochuluka limene lili ndi mabuku ochepa.