Mpeni Usanafike pa Bere

Kuno kuchigwa aliyense wovala gauni yoyera pachipatala timamutcha adokotala. Ndi ulemu, ndipo palibe cholakwika. Koma nkhani ikakhala ya opaleshoni ya bere, ulemu womwewo umabisa kusiyana kumene mayi ayenera kukudziwa asanalowe kufiyeta.

Ambiri amene amatiyeza pa chipatala cha boma cha Chikwawa, cha Nsanje, cha Montfort ku Nchalo kapena cha Trinity ku Muona ndi ma clinical officer, amene amaphunzira zaka 3 n'kuonjezera chaka choyeserera ntchito. Ndiwo amachita opaleshoni amayi olephera kuchira paokha, ndiwo amakonza phudzi, ndiwonso amatumbula chithupsa cha bere la mayi woyamwitsa n'kuchotsa mafinya. Popanda iwo chigwa chino chikanalira maliro ochuluka. Kenaka pali dokotala wa digiri, monga amene amatuluka ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe sukulu yake ya udokotala inayamba mu 1991 ndi dzina la College of Medicine. Ameneyunso si katswiri wa opaleshoni. Kuti akhale surgeon amabwereranso kusukulu zaka zina 4 kapena 5, kuyunivesite kapena kudzera ku bungwe la COSECSA, lomwe limasula akatswiri a opaleshoni kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa. Mwa akatswiriwa muli kagulu kochepa kwambiri ka ma plastic surgeon, amene ntchito yawo ndi kukonza ndi kubwezeretsa maonekedwe a thupi. Kwathu kuno nthawi yawo yambiri imathera pa ana ogwera pamoto ndi anthu ovulala pangozi, monga amene amagonekedwa ku Gulupu mu Blantyre.

Kukulitsa mabere ndi ntchito ya kagulu kotsirizaka, ndipo sikuchitika m'zipatala zathu za kuchigwa. Komabe nkhaniyi inatifika kale. Imalowa pa foni, imabwera ndi abale a ku Joni, imabweranso m'mabotolo a mafuta ndi mapiritsi otsatsidwa pa Facebook ndi WhatsApp. Za mabotolowo ndisataye nthawi: palibe mafuta opaka amene amakulitsa bere, ndipo ena mwa mapiritsiwo amangonenepetsa thupi lonse uku akuliwononga. Woopsa koposa ndi munthu wobaya mankhwala m'bere ndi jakisoni m'kachipinda kakuseri kwa saluni. Silicone yobayidwa choncho imayenda m'mnofu, imapanga zibulumwa, ndipo kuichotsa kwake nthawi zina kumatengera bere lomwe.

Ngakhale kwa katswiri weniweni, "kukonza mabere" si opaleshoni imodzi. Pali kukulitsa, kumene amaika kathumba kotchedwa implant kuseri kwa bere kapena pansi pa mnofu wa pachifuwa. Khungu la kathumbaka ndi la silicone, ndipo m'kati mumakhala silicone ya phalaphala kapena madzi a mchere. Pali kukweza, kwa mabere amene anagwa atayamwitsa: amadula khungu lotsala n'kusunthira nsonga m'mwamba. Amayi ena amene amafunsa zokulitsa amakhala akufuna zimenezi, chifukwa kathumba sikadzutsa bere logwa, kamangoliwonjezera kulemera. Pali kuchepetsa, kwa mayi amene mabere amamupweteketsa msana ndi kumutupitsa zilonda kunsi kwake nyengo yotentha. Ndiye pali kubwezeretsa, kwa amene anachotsedwa bere chifukwa cha khansa. Kwa ine, ili ndilo liwu limene chigwa chikufunika kulimva kwambiri, pakuti alipo amayi amene amabisa chotupa mpaka chitaphulika poopa kutsala ndi chifuwa cha mbali imodzi.

Dokotala wabwino amayamba ndi funso lakuti ngati munthuyo ndi woyenera, ndipo ndalama sizimuyankhira funso limeneli. Amayamba wapapasa bere lonse mpaka kukhwapa, kufunafuna chotupa. Akachikayikira amatumiza kukaunika, mwinanso kukadula kanyama koti kakayezedwe, ndipo nkhani ya kukongola imaima kaye pomwepo. Amafunsa ngati kumtundu kunadwalapo wina khansa ya m'mawere. Amayeza shuga, BP ndi kuchuluka kwa magazi, zomwe kuno kwa malungo si zongochitira mwambo. Kachirombo ka HIV pakokha sikaletsa opaleshoni ngati munthu akumwa ma ARV mokhulupirika ndipo tizirombo tachepa m'magazi. Fodya amachedwetsa kupola kwa bala, kaya wosuta, wofwenkha kapena woika kukamwa. Woyembekezera ndi woyamwitsa amauzidwa kudikira, ndipo mtsikana amene thupi lake likukulabe amabwezedwa. Ku America bungwe la FDA linaika zaka 18 pa kathumba ka madzi a mchere ndi zaka 22 pa ka silicone.

Pali chinthu china chimene katswiri wodziwa khungu lathu sangaiwale. Amayang'ana makutu pamene anaboola ndolo, amayang'ana mphini, amayang'ana bala la opaleshoni yakale. Ngati chipsera chinatukumuka, n'kuuma, chonyezimira ndi choyabwa, n'kupitirira malire a bala lenilenilo, chimenecho ndi keloid. Chimachuluka mwa anthu akuda, ndipo pachifuwa ndi pamalo pamene chimakonda. Zithunzi zimene amakuonetsani zikakhala za akhungu loyera okhaokha, funsani za akhungu ngati lanu.

Funso lina ndi la mumtima. Mayi amene akufuna opaleshoni chifukwa bambo akunyumba akumunyoza kapena aopseza zotenga mitala sakufuna yekha, ndipo dokotala amene samufunsa zimenezi ali payekha, bamboyo atatuluka, ndimamukayikira.

Pepala limene timasainira lija ambiri timalitenga ngati chiphaso cholowera kufiyeta. Ndi chilolezo, ndipo chimagwira ntchito pokhapokha munthu atauzidwa zonse m'chilankhulo chimene akumva, Chisena kapena Chimang'anja ngati n'kofunika. Auzidwe kuti kathumba si kamuyaya ndipo tsiku lina kadzafuna opaleshoni ina. Kuti thupi limakakuta ndi kachikopa komwe nthawi zina kamalimba n'kufinya bere mopweteka. Kuti kamatha kuphulika. Kuti nsonga ikhoza kuchita dzanzi. Kuti kudula mozungulira nsonga kukhoza kusokoneza kuyamwitsa. Adziwenso amene adzamugoneke ndi mankhwala, ndiponso ngati pamalopo pali magazi ndi mpweya zinthu zikavuta.

Kufunsa dzina la kampani yopanga kathumbako si mwano. Timathumba ta silicone tinayamba kuikidwa mu 1962 ku Houston, ndipo mbiri yake ili ndi mabala. Mu 2010 dziko la France linaletsa ta kampani ya PIP zitadziwika kuti imathiramo silicone ya m'mafakitale, amayi a m'mayiko ambiri atavala kale. Mu 2019 kampani ya Allergan inachotsa pamsika timathumba take tokhakhala kunja chifukwa cha mtundu wina wosowa wa khansa. Si mwanonso kufunsa ngati dokotalayo analembetsedwa ngati katswiri ku Medical Council of Malawi, kapena ku HPCSA ngati muli ku South Africa.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mtunda. Opaleshoni imatha tsiku limodzi, koma bala limafuna kuonedwa kwa milungu. Kuchoka ku Nsanje kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 180, kudutsa pa mlatho wa Kamuzu n'kukwera mapiri a Thabwa, ndipo tinaona mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, mmene msewu umenewu umadukira. M'mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, thukuta lili chuu pa bandeji. Bere likafiira, kutupa ndi kutentha usiku, amene adzaliona koyamba si katswiri wakutali amene anachita opaleshoniyo, koma clinical officer wa pafupi. Choncho wobwera kumudzi atachitidwa opaleshoni asanyamuke opanda kalata yofotokoza zimene anamuchita, kakhadi kosonyeza mtundu ndi nambala ya kathumbako, ndi foni ya dokotala amene anamung'amba. Zonsezi azimate m'buku lake la kuchipatala.