Wosamuka kapena mtchona?

Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsapo, yemwe pano amatsogolera gulu la zisudzo ku Ntaja, anandibweretsera pepala la bungwe lina. Pamwamba pake panalembedwa kuti "Luso la m'dera lothandiza anthu osamuka kuchira." Iye anafunsa kuti, "Aphunzitsi, wosamukayo ndi ndani? Amayi ali pakhomo pomwepo. Bambo anapita ku Joni, pano patha zaka 8 osatumiza ngakhale moni."

Mwanayu sanalakwe. Kusamuka ndi kunyamula mphasa, miphika, ana ndi nkhuku, n'kusiya bwinja. Mwamuna wokwera basi pa Liwonde ndi kachikwama kamodzi sanasamuke ayi. Kuno kwathu kwa chikamwini mkazi amatsala pamudzi pa amayi ake, munda uli pomwepo, ana akuyang'ana kwa amalume awo. Liwu loti "osamuka" limangoona amene wapita, pamene zisudzo ndi nyimbo zambiri za ku Machinga ndi Balaka zimachokera kwa otsala.

Liwu loyenera tili nalo kale: kutchona. Mtchona ndi munthu amene anapita kukasaka ndalama n'kulowerera konko, ali moyo koma kwawo osamuona. Likumveka chibale ndi liwu la Chizulu loti shona, lonena za kulowa kwa dzuwa. Agogo athu analigwiritsa ntchito nthawi ya Wenela. Ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi 74 ochokera ku migodi, Kamuzu analetsa ulendo wa Wenela, koma liwulo silinafe. Amayi analiimba pamtondo, musi ukutsika, akudandaula mwamuna amene kalata zake zinasiya kubwera. Mukati mwa liwu limodzili muli kudikira, mkwiyo, manyazi, ndi kachiyembekezo koti mwina Khirisimasi ikubwerayi atulukira.

Ena amati ndi liwu lonyoza, losayenera papepala la boma. Zoona, limaluma. Koma sewero lonena za banja losweka likapanda kuluma, anthu pabwalo amangoseka n'kubalalika.

Nalo liwu loti "kuchira" limandivuta, chifukwa timachira malungo. Amene anabwezedwa pa mabasi mu 2008 ndi 2015, atathawa chiwembu cha ku South Africa, anafika ndi zovala za m'thupi zokha. Sankafuna mankhwala. Ankafuna kulandiridwa, kupepesedwa, kukhalanso anthu pamudzi. Ine ndingalembe "kukhazika mtima pansi" kapena "kubwezeretsa ubale."

Sindikudana ndi mawu obwereka. Joni ndi wobwereka. Beni, gule wa Ayao wovina ngati perete wa asilikali, dzina lake linachokera ku bandi, ndipo anafala ndi anthu obwera kunkhondo. Mawu amenewa anabwerekedwa ndi eni ake, atawayesa pakamwa. Chimene ndikukana ndi liwu losulidwa mu ofesi usiku umodzi kuti lipoti lituluke.

Phunziro lotenga mawu kwa eni ake si lachilendo kuno. M'zaka za m'ma 1980, a ku Chancellor College, kuphatikizapo Chris Kamlongera, anachita zisudzo za zaumoyo m'midzi yozungulira Liwonde monga kwa Mwima, ndipo nyimbo ndi mawu ankazitenga kwa eni mudzi. Lero tabwerera m'mbuyo. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi patsogolo kuyambira Sitandade 1. Mwana wa ku Chikweo amalankhula Chiyao kunyumba, kusukulu amamumva mphunzitsi m'Chingerezi, kenako timamupatsa pepala la Chichewa chimene ngakhale Mchewa sachizindikira. Pepala lija linalibe liwu ngakhale limodzi la Chiyao, m'boma limene amayi ambiri amalira m'Chiyao.

Inu a Centre for Language Studies ku Zomba, munatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Ku Machinga si kutali. Bwerani mudzakhale pamtondo ndi pabwalo la Beni, mulembe mawu amene otsalawa akugwiritsa ntchito m'zilankhulo zonse ziwiri, ndipo mabungwe azitenga mawu awo kumeneko.