Mpando wa sipikala: kuchokera ku London, kudzera ku Zomba, mpaka pa gawo 65

Mu June 2005, Nyumba ya Malamulo ya Malawi inali itawira. Aphungu a mbali yotsutsa ankafuna kuyambitsa ndondomeko yochotsera Pulezidenti Bingu wa Mutharika paudindo, a mbali ya boma akukana kwamtuwagalu, ndipo aliyense ankakuwa kuti amvedwe. Pakati pa phokosolo panali Rodwell Munyenyembe, mkulu wa ku Chitipa, akuyesetsa kukhazika anthu pansi. Ali mkati moyesa choncho, adakomoka pampando wake. Adathamangira naye kuchipatala ku South Africa, koma patangopita masiku ochepa uthenga udabwera woti watisiya. Amene ankaganiza kuti usipikala ndi kuvala mkanjo ndi wigi basi adaona tsiku limenelo kuti mutu ukakula sulewa nkhonya.

Dzina la udindowu limasokoneza. M'Chingerezi limatanthauza wolankhula, chonsecho m'Nyumba yonse sipikala ndi amene saloledwa kunena maganizo ake pa nkhani yomwe ikukambidwa. Gwero lake lili ku England. Kalelo aphungu akamaliza kukambirana, pankafunika munthu mmodzi wokatula mawu awo kwa mfumu, monga momwe nyakwawa imanyamulira mawu a mudzi kupita nawo kwa gulupu. Thomas Hungerford, mu 1377, ndiye woyamba kulembedwa m'mabuku ndi dzina la udindowu. Inali ntchito yoika moyo pachiswe, pakuti mawu okatula nthawi zambiri ankakhala okana msonkho womwe mfumu ikufuna. N'chifukwa chake mpaka lero ku London sipikala watsopano amachita kumukoka pamkono popita naye kumpando, iye akunamizira kukana.

Amasipikala ambiri a nthawi imeneyo anali anthu a mfumu. Zinthu zidatembenuka pa 4 January 1642, pomwe Mfumu Charles I idalowa m'nyumba ya aphungu ndi asilikali kudzagwira aphungu asanu. Itawasowa, idafunsa sipikala William Lenthall komwe apita. Lenthall adagwada mwaulemu, koma adaiuza kuti iye alibe maso oonera kapena lilime lolankhulira kupatula zomwe Nyumbayo yamutuma. Kuyambira tsiku limenelo palibe mfumu ya ku Britain yomwe idapondanso m'chipinda cha aphunguwo iwo ali mkati mwa zokambirana.

Kwathu kuno mpandowu udafika mochedwa. Bungwe lopanga malamulo la Nyasaland lidakhazikitsidwa mu 1907 ku Zomba, ndipo wotsogolera zokambirana anali bwanamkubwa mwiniwake. Yemweyo wolamula dziko, yemweyo wopereka mpata wolankhula. Munthu wakuda adalowamo koyamba mu 1949, ndipo mu 1956 mudalowa anyamata amoto monga Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, omwe mafunso awo ankawerengedwa mwachidwi m'mabuku a zokambirana za bungwelo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 m'pamene bwanamkubwa adasiyira mpando sipikala wapadera, mzungu ndithu. Cha m'nyengo ya ufulu wa 1964, mayina a Alec Nyasulu ndi Ismail Surtee ndiwo adayamba kumveka pampandowo.

Za zaka makumi atatu zotsatirazo palibe zambiri zonena, ndipo kuchepa kwa zonenako ndiye nkhani yake. Kuyambira 1966 chipani chinali chimodzi. Phungu ankatha kugona ali phungu n'kudzuka atachotsedwa, ndipo Nyumba yomweyi ndi imene idavomereza mu 1971 kuti Dr. Hastings Kamuzu Banda akhale pulezidenti wamuyaya. Woweruza mpira angagwire ntchito yanji pabwalo pomwe pali timu imodzi? Nelson Khonje adakhala pampandowo kuyambira 1975 mpaka 1987, nthawi yaitali kuposa wina aliyense. M'nthawi yakeyo, mu May 1983, nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adagwidwa ku Zomba atachokera ku zokambirana za Nyumbayi, ndipo mitembo yawo idapezeka ku Thambani m'boma la Mwanza. Ku London sipikala adakana kupereka aphungu asanu. Ku Zomba panalibe amene akadayerekeza ngakhale kufunsa komwe anayiwo apita, ndipo sindikuona chifukwa chomusenzetsera Khonje yekha mantha omwe anali a dziko lonse.

Malamulo aakulu a dziko omwe adabwera ndi ulamuliro wa zipani zambiri mu 1994 adayesa kumanga mpanda kuzungulira mpandowu. Sipikala amasankhidwa ndi aphungu anzake pa mkumano woyamba chisankho chikatha. Sayenera kulamulidwa ndi chipani chake, savota pokhapokha mavoti akafanana, ndipo kuti achotsedwe pamafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu onse. Koma pali kusiyana kumodzi ndi ku Britain. Kumeneko sipikala akangosankhidwa amatuluka m'chipani chake. Kuno amakhalabe membala, ndipo pakatha zaka zisanu amayenera kubwerera kumudzi kukapempha mavoti atavala makaka a chipani chomwecho. Munthu wotere mungamuuze kuti asakondere, koma akudziwa komwe kuchokere chimanga cha kampeni.

Munyenyembe ndiye adayamba kukhala pampandowu m'nyengo yatsopanoyi, Nyumba itasamukira ku Lilongwe. Mu 1999 adalowa Sam Mpasu, munthu yemwe adalawapo ndende ya Mikuyu m'zaka za m'ma 1970. Iyeyu ndi amene adatsogolera zokambirana za mu July 2002, pomwe bilu yofuna kuchotsa malire a matemu a pulezidenti idapeza mavoti 125, n'kulephera ndi mavoti owerengeka chabe. Davis Katsonga adagwirizira mpandowo kwa chaka chimodzi Munyenyembe asanabwererenso mu 2004.

Katundu wolemera kwambiri yemwe malamulo atsopanowo adasenzetsa sipikala ndi gawo 65. Gawoli limati phungu yemwe adasankhidwa pa tikiti ya chipani china, n'kuchisiya kukalowa china chomwe chili m'Nyumbamo, sipikala alengeze kuti mpando wake ulibe munthu. Papepala n'zosavuta. Lidagwirapo ntchito mu 1995 pa Fred Nseula, phungu wa ku Mwanza, ndipo nkhaniyo idakathera kukhoti. Koma Bingu atatuluka m'chipani cha UDF mu February 2005 n'kuyambitsa chipani cha DPP, aphungu adakhamukira kumbali ya boma ngati ngumbi pa nyali. Apa gawo 65 silinalinso nkhani ya phungu mmodzi. Kuligwiritsa ntchito kukadatanthauza kugwetsa mphamvu zonse za boma m'Nyumbamo.

Mtolo umenewu udagwera Louis Chimango, loya wa chipani cha MCP yemwe adalowa m'malo mwa Munyenyembe. Mu June 2007 khoti lalikulu la apilo lidagamula kuti gawo 65 ndi lovomerezeka. Otsutsa, motsogozedwa ndi John Tembo, adati sakambirana za bajeti sipikala asanachotse aphungu oyendayendawo. Aphungu okhudzidwawo adathamangira kukhoti kukatenga ziletso zomumanga manja sipikala. Kunja, ophunzira a m'makoleji ndi mabungwe ankachita zionetsero kuti bajeti idutse, pakuti mankhwala m'zipatala ndi makuponi a feteleza zinkadikira ndalama zomwezo. Bajeti idadutsa mu September, mochedwa kwambiri, ndipo chaka chotsatira sewero lomwelo lidabwerezedwa. Chimango ankanyozedwa uku ndi uku: a boma ankamuona ngati mkono wa MCP, anzake a MCP ankamuona ngati wamantha. Ine ndimaona kuti adapatsidwa nkhwangwa kenaka n'kumangidwa manja. Nthawi ya Nyumbayo idatha mu 2009 aphunguwo akadali m'mipando yawo, ndipo Chimango adagonja pachisankho kudera lake.

Sipikala wotsatira, Henry Chimunthu Banda, yemwe adalowetsa aphungu m'nyumba yatsopano yomangidwa ndi dziko la China mu 2010, adaona mphepo ikuwombera kwina. Bingu atamwalira mu April 2012, aphungu ambiri a DPP adathamangira ku chipani cha PP cha pulezidenti watsopano Joyce Banda, ndipo a DPP, omwe dzana ankadana ndi gawo 65, ndiwo adayamba kulilirira. Richard Msowoya adasankhidwa mu 2014 ali wachiwiri kwa mtsogoleri wa MCP, boma lili m'manja mwa DPP. Mu 2018 iye mwini, mlonda wa gawo 65, adalowa gulu la UTM la Saulos Chilima akadali pampando.

Pa 19 June 2019 aphungu adasankha Catherine Gotani Hara wa ku Mzimba kukhala mayi woyamba pampandowu, zaka 27 kuchokera pomwe Betty Boothroyd adachita chimodzimodzi ku London. Adapambana Esther Mcheka Chilenje ndi mavoti 97 kwa 93. Sipadapite chaka, khoti lidafafaniza chisankho cha pulezidenti pa 3 February 2020 n'kutuma Nyumba ya Malamulo kuti ikonze malamulo a chisankho chatsopano. Pulezidenti Peter Mutharika adakana kusainira mabilu omwe aphungu adavomereza, koma Nyumbayo, Gotani Hara ali pampando, idakhazikitsabe tsiku la 23 June 2020, ndipo anthu adakavota tsiku lomwelo.