Mbiri ya dzino lachitsulo, ndi dzino langa lomwe linatsala pamsewu



Amene ndinakuphunzitsani Fomu 3 mukukumbukira teremu ija ndinalowa m'kalasi ndilibe dzino limodzi lakutsogolo, nditagwa pa njinga. Ndikati "Scramble for Africa" zinkamveka ngati ndikuimba mluzu, ndipo dzina limene munandipatsa ndinalimva, musaganize kuti sindikulidziwa. Mpaka lero ndimavala dzino loikirira, lija umalivula usiku n'kuliika m'kapu ya madzi. Posachedwapa dokotala wa mano anandiuza za njira ina, yotchedwa implant: amaboola fupa la nsagwada, n'kumangamo kachitsulo konga bawuti, kenako n'kuvekapo dzino. Atatchula mtengo wake ndinangoseka. Koma matenda a aphunzitsi a mbiri mukuwadziwa, ndinafuna kudziwa kumene nzeruyi inachokera.

Maganizowa ndi akale. M'chaka cha 1931, Wilson Popenoe anafukula ku Honduras nsagwada ya munthu wa mtundu wa Maya amene anakhalako cha m'ma 600. M'malo mwa mano atatu akutsogolo munali tizidutswa ta chigoba cha m'madzi tosemedwa ngati mano. Poyamba anthu ankati tinaikidwa pa maliro, koma mu 1970 Amadeo Bobbio wa ku Brazil atajambula ndi X-ray anaona kuti fupa linamera mozungulira zigobazo. Fupa la munthu wakufa silimera, choncho mwini wake anali moyo pamene ankamuika zigobazo.

Gawo limene linandikhudza kwambiri ndi la ku England m'zaka za m'ma 1700. Dokotala wotchuka John Hunter anazula dzino la munthu n'kulibzala pa lipombo la tambala, ndipo linagwira. Zitatero, kubzala mano kunasanduka fashoni ya anthu olemera. Koma dzino lamoyo ulitenga kuti? Ankaitana achinyamata osauka, kuwapatsa kandalama, kuwazula dzino labwinobwino, n'kulisomeka nthawi yomweyo m'kamwa mwa bwana kapena dona amene wakhala pa mpando wapafupi. Mano ambiri otere sankakhalitsa, ndipo ena anatengera chindoko kudzera m'njira imeneyi. Tangoganizani, mwana watsala ndi mpata moyo wake wonse chifukwa cha dzino limene kwa bwanayo laguluka pasanapite nthawi.

Ngakhale mano oikirira ankafuna mano a anthu. Nkhondo ya ku Waterloo itatha mu 1815, mano ozulidwa pa mitembo ya asilikali ankagulitsidwa, mpaka dzina lakuti mano a Waterloo linafala. George Washington, pamene ankalumbira kukhala pulezidenti woyamba wa America mu 1789, anali ndi dzino lake lenileni limodzi lokha. Mabuku ena amati mano ake oikirira anali amtengo, koma si zoona: anali a minyanga, zitsulo ndi mano a anthu. M'kaundula wa ndalama wa pa munda wake wa Mount Vernon munalembedwa kuti mu 1784 analipira mashilini 122 pogula mano 9 kwa akapolo. Anzanga ophunzitsa za ukapolo, chitsanzo ichi ana sangachiiwale.

Zinthu zinasintha chifukwa cha kalulu. Mu 1952, ku Lund m'dziko la Sweden, dokotala wachinyamata Per-Ingvar Brånemark ankafufuza mmene magazi amayendera m'mafupa. Anaika kachipangizo ka chitsulo cha titanium m'fupa la mwendo wa kalulu kuti azisuzumiramo. Kafukufuku atatha anafuna kuchotsa kachipangizoko, koma kanakana, fupa linali litamamatira ku chitsulo. Ena anali ataonapo kale kuti titanium imagwirizana ndi fupa, koma iye ndi amene anaikakamira nkhaniyi kwa zaka zambiri, n'kuipatsa dzina lakuti osseointegration. Chinsinsi chake n'chakuti titanium ikakhudzana ndi mpweya imapanga kakhungu kopyapyala pamwamba pake, ndipo thupi silimenyana nako monga limachitira ndi zinthu zina zachilendo. Fupa limangomera n'kukagwira.

Munthu woyamba kuthandizidwa anali Gösta Larsson wa ku Gothenburg, amene anabadwa ndi nsagwada yopunduka ndipo ankavutika kudya ndi kulankhula. Mu 1965 anamumanga tizitsulo tinayi m'nsagwada ya m'munsi. Anamwalira mu 2006 tizitsuloto tidakali m'malo mwake, patatha zaka zoposa 40.

Musaganize kuti anamuombera m'manja Brånemark. Sanali dokotala wa mano, ndipo madokotala a mano a kwawo anamutsutsa kwa nthawi yaitali, poti njira zakale zosomeka zitsulo m'kamwa zinali zitavulaza anthu ambiri. Pamenepa sindikuwadzudzula kwenikweni, anali ataona mafinya okwanira. Dziko linayamba kumumvera pa msonkhano wa ku Toronto mu 1982, umene anakonza George Zarb, ataonetsa zotsatira za odwala amene anawatsatira kwa zaka zambiri. Brånemark anamwalira mu 2014.

Pang'ono za kwathu kuno: titanium imachokera ku miyala monga rutile, ndipo ku Kasiya, m'boma la Lilongwe, kunapezeka rutile wochuluka zedi. Ndinaseka ndekha poganiza kuti chitsulo chimene sindingakwanitse kugula chili pansi pa minda ya chimanga.

Dokotala uja anandifotokozera kuti kachitsulo kakamangidwa pamafunika miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi kuti fupa ligwire, ndipo kwa osuta fodya ndi odwala shuga wosasamalidwa bwino nthawi zina kamakana. Ine sindisuta. Chimene chinandisowetsa tulo n'china: pamene palibe muzu wa dzino fupa limanka liphwa, ndipo ukachedwa kwambiri pamafunika kuyamba wawonjezera fupa, mtengo n'kukweranso. Langa lakhala likuphwa kuyambira tsiku la njinga lija.

Ndinakambirana ndi mayi a kunyumba. Anawerengera fizi ya ana awiri ndi malata a nyumba amene sitinamalize kugula, kenako anandifunsa ngati dzino la m'kapu lija lasiya kutafuna chimanga chootcha. Ndinayankha kuti chimanga ndimalumira cham'mbali. Tagwirizana kuti tidzaionenso nkhaniyi wamkuluyu akamaliza Fomu 4.