Mbuna

Mlimi wa kumtunda akamva "mbuna" amaganiza za dzenje lija alenje ankakumba pa njira ya nyama, n'kulivindikira ndi timitengo ndi udzu. Ku Chembe, m'boma la Mangochi, mawu omwewo ndi dzina la tinsomba ta m'miyala ta mawangamawanga, ta buluu, tachikasu, tina ta mizeremizere. Dzinali akuti linachokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay, ndipo asayansi a dziko lonse analitenga momwemo osalisintha.

Alendo amene amabereka mabotolo a mpweya n'kulowa pansi pa nyanja ku Thumbi, ku Domwe ndi ku Otter Point amatsata tinsombati. Amatsika pagulu, awiriawiri, aliyense diso pa mnzake, akulankhulana ndi manja okha. Mu June ndi July, mwera ukamawomba, madzi amazizira ndithu, moti popanda chovala cha labala munthu amatuluka mano akugundana. Koma pansipo pali zoti uone! Mbuna imakuyandikira mpaka pagalasi la kumaso, kenako n'kubwerera kukapala ndere pamwala wake, ikuthamangitsa inzake yofuna kudyapo. Yaikazi imasunga mazira m'kamwa, ndipo ngakhale ana ataswa, amakhalabe momwemo kwa masiku angapo.

Tinsombati ndi timene tinachititsa kuti mu 1980 derali likhale Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Mukafika ku Chembe, pemphani galasi la m'madzi mukazionere nokha.