Mbiri ya Madzi a M'mipopi ndi Makomiti a M'midzi

Amayi anzathu, pa nthaŵi ino ya chikondwerero takhala tikufunsana kuti kodi gulu la anthu a m'mudzi limadziŵika bwanji kuti lathandizadi dera lake. Ife tasankha kuyankha ndi mbiri ya madzi a m'mipopi, popeza ntchito imeneyi tinaiona ndi maso athu kuno kunsi kwa phiri la Mulanje, ndipo ena mwa ife tinagwira nawo khasu tikali atsikana.

Kale tinkatunga madzi ku mtsinje ndi m'zitsime za m'dambo. Ikafika miyezi ya Okutobala ndi Novembala zitsime zinkaphwa. Mayi ankadzuka tambala woyamba, mtsuko pankhata, kukakhala pamzere kudikira madzi kuti atuluke pang'onopang'ono mumchenga, nkumatunga ndi chikho. Pobwera dzuŵa lili pamutu, kumunda sanapiteko, ana sanadye. Madzi akewo anali ofiira, ndipo ana athu sankasiyana ndi matenda otsegula m'mimba. Chonsecho madzi oyera anali kutsika m'phiri chaka chonse, ife tikuwaona patali.

Ntchito inayambira ku Chingale m'boma la Zomba m'chaka cha 1968, motsogozedwa ndi a Lindesay Robertson pamodzi ndi alangizi a zachitukuko cha m'midzi. Nzeru yake inali yapafupi. Ankapatutsa madzi a mtsinje pamwamba m'phiri, kumene sikukhala anthu, nkuwaloŵetsa m'thanki kuti mchenga udikhe, kenaka m'mapaipi. Madziwo amatsika okha, osafuna injini kapena dizilo. Boma ndi abwenzi a kunja ankapereka mapaipi, simenti, mipopi ndi amisiri. Anthu eni ake ankakumba ngalande, kusenza mapaipi, kututa mchenga ndi miyala, ndi kukwirira. Malipiro panalibe.

Zitatheka ku Chingale, anatsatira a ku Chambe, anthu pafupifupi 30,000. Kenaka ntchito inafika kuno. Ya kuzambwe kwa Mulanje inatha mu 1975, ndipo ya ku Phalombe inafikira anthu oposa 100,000.

Tisaganize kuti anthu anangovomera tsiku limodzi. Makolo athu a dera lino ankakumbukira thangata wa m'maesiteti, ndiye mawu akuti ntchito yopanda malipiro sankawakomera m'khutu. Ena sankakhulupirira kuti madzi angayende mailosi ambiri pansi pa nthaka nkukatulukira pakhomo. Chimene chinathandiza ndi chakuti atsogoleri ankatengedwa kukaona kumene madzi anali atafika kale, natsegula mpopi ndi dzanja lawo. Atabwerako, iwo ndiwo anauza anzawo.

Tsono mphamvu yeniyeni inali m'makomiti. Panali komiti yaikulu yoyang'anira ntchito yonse, makomiti a nthambi za mapaipi, ndi komiti ya mudzi uliwonse. Mudzi unkapatsidwa chigawo chake chokumba ndi tsiku lake. Mlembi ankaitana maina m'maŵa, ndipo wojomba popanda chifukwa nkhani yake inkapita kwa a mfumu. Ngalande inkafunika kuzama mpaka m'chiuno mwa munthu wamkulu, yowongoka bwino, kuti paipi isadzaphwanyike ndi khasu la wolima. Pamalo a miyala abambo ankaswa ndi piki, ife nkumachotsa dothi ndi malichero akale ndi mabeseni. Amene amanena kuti amayi tinkangophika phala la ogwira ntchito sanalipo. Tsiku limene madzi anatuluka koyamba pa mpopi wa m'mudzi mwathu, agogo ena anakana kumwa mpaka ataona mwana atamwa osadwala, ndipo nthungululu zinamveka mpaka usiku.

Ntchito itatha, mpopi uliwonse unasankhiridwa komiti yake, ndipo m'makomiti ameneŵa amayi tinalimo ambiri. Udindo wathu unali kusesa, kuyeretsa ngalande ya madzi otayika, kuletsa ana kuseŵera ndi mpopi, ndi kusonkhetsa ndalama yogulira labala kapena mpopi watsopano ukatha. Panalinso magulu a anthu ophunzitsidwa kulumikiza paipi ikaphulika.

Nanga ntchito imeneyi ankaiyesa bwanji? Muyeso woyamba unali kuŵerenga: mipopi ingati, mapaipi mailosi angati, anthu angati. Ziŵerengero zimenezi zinali zokondweretsa. Mu 1980 boma la America kudzera ku USAID linapereka thandizo lalikulu lokulitsira ntchitoyi, ndipo m'zaka za 1981 mpaka 1990, zimene United Nations inazipatula kukhala zaka za madzi abwino, alendo ankabwera kudzaphunzira ku Malaŵi.

Koma panali muyeso wina umene alendo sankautchula kaŵirikaŵiri, ndipo kwa ife ndi umene unali wofunika. Kunali wantchito wa boma woyendera mipopi pa njinga ya kapalasa, pepala lili m'thumba. Ankafika pa mpopi, kutsegula, kuona ngati madzi akutuluka, ngati simenti yang'ambika, ngati paipi yaonekera pamtunda chifukwa cha kukokoloka kwa nthaka. Ankalemba, nafunsa a komiti, ndipo chimene chatikanika ankapita nacho kwa akuluakulu. Tikamva kuti akubwera tinkasesa mpaka pansi pa udzu. Mwina tinkachita manyazi chabe, koma manyazi omwewo ankasunga mpopi.

Zinthu zinayamba kusintha cha m'ma 1990. M'mwezi wa Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe, napha anthu ambiri ndi kukokolola zinthu zambiri. Ndalama za boma zoyendetsera ntchito ya madzi zinachepa, oyendera aja anayamba kusoŵa, zipangizo zokonzera osafika. Anthu anachuluka kuposa amene mapaipi anayesedwera. Mitengo ya kumtunda itadulidwa, mitsinje inayamba kubweretsa matope nthaŵi ya dzinja ndi kuchepa nthaŵi ya chilimwe.

Pa mpopi wathu ife madzi anasiya kutuluka chaka china, ndipo tinakhala miyezi isanu ndi umodzi tikubwerera kudambo. Komiti yathu inalipo, ndalama ya labala inalipo m'kachitini, koma vuto linali kumtunda kwenikweni, m'thanki yodzaza matope ndi paipi yaikulu yosweka, mailosi ambiri kuchokera kwathu. Midzi ya pafupi ndi phiri inali kulandirabe madzi, choncho sinaone chifukwa chothamangira. Ife a kumapeto tinalibe woti nkumuuza. M'mabuku mpopi wathu unkaŵerengedwabe ngati mpopi.

M'chaka cha 2000 mayi wina wofufuza, Elizabeth Kleemeier, anasindikiza zimene anapeza atayendera ina mwa ntchito zimenezi. Anapeza kuti ntchito zing'onozing'ono zinali kuyenda bwino, koma pafupifupi theka la zimene anaziona zinali zitafooka. Anapezanso kuti makomiti a m'midzi amatha kukonza zazing'ono kuti madzi ayambenso kutuluka, koma sachita bwino pa kusamala kopeŵa kuwonongeka, ndipo ntchito zazikulu zimafuna boma kapena bungwe lokhala ndi amisiri. Ife titamva zimenezi sitinadabwe. Mlandu sitiuika pa makomiti okha, chifukwa munthu wongodzipereka, wokhala ndi munda ndi ana, sangayendere paipi ya mailosi 20 mwezi ndi mwezi popanda njinga, zida, kapena womufunsa.

Pambuyo pake boma linakhazikitsa mabungwe a anthu ogwiritsa ntchito madzi, amene ambiri amawatcha ma WUA. Pamenepo banja lililonse linayamba kupereka ndalama pamwezi, kuti palembedwe amisiri olipidwa ndi kugula zipangizo. Poyamba tinadandaula, tinkati madzi tinakumba tokha, tigulenso bwanji? Koma kumene msungichuma amaŵerenga ndalama poyera pamsonkhano ndi kupereka malisiti, anthu amapereka. Kumene mabuku amabisidwa, amayi ndiwo amayamba kuleka, ndipo sitiwadzudzula.

Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anawononganso mapaipi ndi malo opatutsira madzi ambiri ku Mulanje ndi ku Phalombe. Kuyambira pamenepo, ife a pa mpopi wathu tinagula kope la ana asukulu. Mayi wokhala pafupi ndi mpopi amalemba tsiku lililonse ngati madzi atuluka, nthaŵi yake, ndiponso ngati ndowa yachedwa kudzaza. Akasiya amalemba tsiku limene tanena kwa a bungwe ndi tsiku limene amisiri afika. Pamsonkhano wa pachaka timanyamula kope lomwelo, ndipo midzi ina iŵiri ya kumapeto kwa paipi yayamba kubwera ndi makope awo.